Foni yandilanda tulo ndi mtendere: kodi mutu wanga ukadali bwino?

Funso la wowerenga:

"Ndine bambo wa zaka 32, ndili pabanja ndipo tili ndi mwana mmodzi. Ndimagwira ntchito ya mu ofesi. Vuto langa ndi foni. Foniyo imaonetsa kuti pa tsiku ndimakhalapo maola 7, nthawi zina 9, osawerengera kompyuta ya kuntchito. Ndikalowa kuchipinda 10 koloko ndimati ndingoona kaye mauthenga, koma ndimadzidzimuka ili 2 koloko ya usiku ndikuonerabe mavidiyo omwe mawa lake sindiwakumbukira n'komwe. Masiku ano sindingamalize tsamba limodzi la buku osagwira foni. Ndikaona anzanga amene tinaphunzira limodzi akuika zithunzi za nyumba ndi magalimoto awo, mtima umandiwawa, ndimadziona wolephera. Ndayamba kupsa mtima msanga, ndipo mayi akunyumba akuti ndimakhala ngati mlendo m'nyumba mwanga momwe. Ndinayesapo kuchotsa Facebook ndi TikTok koma patangotha masiku atatu ndinazibwezeretsa. Kodi ubongo wanga wawonongeka? Kodi uku n'kuyamba kwa misala? Kapena ndingoigulitsa foniyo?"

Yankho:

Bambo, zikomo polemba mosabisa mawu. Ndiyambe ndi zimene zikukusowetsani mtendere kwambiri. Zimene mwafotokozazi si misala, ndipo m'kalata yanu mulibe chosonyeza kuti ubongo wanu wawonongeka moti sungabwerere mwakale. Pa zaka zimene ndakhala ndikuthandiza anthu pa nkhani za maganizo, madandaulo ngati anuwa ndawamva kwa ophunzira, kwa aphunzitsi awo, kwa amayi oyamwitsa, ngakhale kwa agogo amene adzukulu anawagulira foni kuti azilankhulana. Ambiri amafika akudziimba mlandu kuti ndi aulesi. Komatu munthu aliyense amene akugona maola anayi okha usiku uliwonse kwa miyezi yambiri amasanduka wokwiyakwiya, woiwalaiwala ndiponso wosaona chabwino pa moyo wake, kaya chomugonetsa mochedwacho ndi foni, mwana wodwala kapena ntchito ya usiku. Foniyo musaigulitse kaye.

Dziwani kuti chimene mukulimbana nachocho chinakonzedwa dala kuti chikugwireni. Mapulogalamu ambiri amene mumatsegula sakulipiritsani. Ndalama amazipeza pa malonda amene amakuonetsani, choncho mukakhalitsa pamenepo iwo ndiye apindula. Njira imodzi yokukhalitsirani ndi yakale kuposa intaneti yeniyeniyo. M'zaka za m'ma 1950, katswiri wa zamaganizo wa ku America, B. F. Skinner, ankachita kafukufuku ndi nkhunda. Nkhunda imene inkapatsidwa chakudya nthawi iliyonse ikajompha kabatani, inkaleka msanga kujompha chakudyacho chikasiya kutuluka. Koma imene inkapatsidwa mosadziwika, pena ikajompha kawiri, pena maulendo 20, inkajompha mosapumira, ndipo inkapitiriza kwa nthawi yaitali ngakhale chakudya chitasiyiratu kubwera. Makina a juga amayendera mfundo yomweyi. Mavidiyo afupiafupi aja nawonso ndi momwemo: angapo amangodutsa osakukhudzani, kenako imodzi imakuseketsani mpaka misozi, ndiye chala chimapitiriza kusakasaka ina yotero.

M'zaka za m'ma 1990, Wolfram Schultz ndi anzake, pofufuza ubongo wa anyani, anaona kuti maselo amene amatulutsa timadzi totchedwa dopamine amadzuka kwambiri mphoto ikabwera mosayembekezereka. Nyani akazolowera, maselowo amayamba kudzuka akangoona chizindikiro chakuti mphoto ili m'njira. Anthu ambiri amati dopamine ndi timadzi ta chisangalalo, koma ntchito yake yaikulu ndi kudzutsa chibaba, kukuuzani kuti pitani mukaone. Chibaba ndi chisangalalo siziyendera limodzi nthawi zonse. N'chifukwa chake mungathe kutha maola anayi pa mavidiyo popanda kusangalala kwenikweni, mawa lake osakumbukira ngakhale imodzi.

Palinso china. Kale tsamba la pa intaneti linali ndi pothera. Munthu ukafika pansi unkayenera kudina kuti upite patsamba lotsatira, ndipo kamphindi kameneko kankakupatsa mpata wodzifunsa ngati ukufunadi kupitiriza. Mu 2006 Aza Raskin anapanga njira yoti zinthu zizingotuluka zina pansi pa zinzake popanda mapeto, ndipo patapita zaka iye mwini ananena poyera kuti akudandaula ndi mmene njirayo yadyera nthawi ya anthu. Mu 2017 Sean Parker, yemwe anali pulezidenti woyamba wa kampani ya Facebook, anavomereza kuti iwo ankadziwa kuti akupezerapo mwayi pa kufooka kwa maganizo a munthu, makamaka njala yofuna kuyamikiridwa ndi anzake. Sindikunena izi kuti mukhale pansi n'kumaloza chala makampani. Ndikufuna mudziwe kuti kugonja kwanu pakati pa usiku, mutatopa kale, si umboni wakuti ndinu munthu wopanda pake.

Nanga ndi matenda? Apa akatswiri sanamvanebe. Kimberly Young, katswiri wa zamaganizo wa ku America, anayamba kulankhula za anthu osatha kudziletsa pa intaneti mu 1996, ndipo mu 1998 anatulutsa mafunso 20 oyezera vutoli omwe ofufuza akugwiritsabe ntchito. Koma buku la madokotala a matenda a maganizo ku America lotchedwa DSM-5, lomwe linatuluka mu 2013, silinavomereze kuti kukhalitsa pa intaneti ndi matenda. Linangoti nkhani ya masewera a pa intaneti ikufunika kuifufuza mopitirira. Bungwe la WHO, loona za umoyo padziko lonse, mu 2019 linavomereza mndandanda watsopano wa matenda, ICD-11, womwe unayamba kugwira ntchito mu 2022, ndipo mmenemo munalowa vuto la kusatha kusiya masewera a pa kompyuta ndi pa foni. Zindikirani kuti ndi masewera okha, osati intaneti yonse. Komabe zizindikiro zimene analemba n'zothandiza kwa aliyense wofuna kudziyeza. Munthu amalephera kudziletsa pa nthawi yoyamba ndi yosiya. Chinthucho chimayamba kukhala patsogolo pa zina zonse za moyo wake. Ndipo amapitiriza ngakhale akuona ndi maso ake kuti chikumuwonongera banja, sukulu kapena ntchito. Nthawi zambiri madokotala amafuna kuti zimenezi zikhale zitachitika kwa miyezi 12.

Pa zizindikiro zimenezi palibe chonena za kuchuluka kwa maola, ndipo ine ndimaona kuti anachita bwino. Wina amakhala maola 8 pa foni chifukwa ndi pomwe pali makasitomala ake, ndipo usiku amagona tulo tabwino. Wina amakhalapo maola awiri okha, koma maola awiriwo amawathera kusuzumira zithunzi za chibwenzi chake chakale n'kumadzizunza. Mu 2019 Amy Orben ndi Andrew Przybylski a ku yunivesite ya Oxford anasanthula mayankho a achinyamata oposa 350,000 a ku Britain ndi ku America, ndipo anapeza kuti kugwirizana kwa nthawi yokhala pa zipangizozi ndi umoyo wa m'maganizo kulipo koma n'kochepa kwambiri, kosakwana ngakhale gawo limodzi pa magawo 100. Mbali inayi, mu 2023 Vivek Murthy, yemwe panthawiyo anali mkulu woona za umoyo wa anthu ku America, anachenjeza kuti achinyamata amene amapitirira maola atatu pa tsiku pa malo ochezera a pa intaneti ali pangozi yowirikiza kawiri yokhala ndi nkhawa kapena kuvutika maganizo. Zikuoneka ngati zikutsutsana, koma ine ndimazimva chonchi: mukaphatikiza anthu onse pamodzi, amene intaneti ikuwathandiza ndi amene ikuwapweteka amabisana, ndiye chiwerengero chimatuluka chaching'ono. Kwa munthu mmodzi payekha, funso lofunika ndi lakuti foniyo yalowa m'malo mwa chiyani. Kwa inu, malinga ndi kalata yanu, yalowa m'malo mwa tulo, mwa buku, ndi mwa macheza ndi mayi akunyumba.

Tulo ndiye pamene ndikufuna tikhalitse, chifukwa ndikukhulupirira kuti gawo lalikulu la zimene zikukuopsani likuchokera pamenepa. Munthu wamkulu amafunika kugona maola osachepera 7. Ngati mumagona 2 koloko n'kudzuka 6 koloko kuti mupite kuntchito, ndiye kuti usiku uliwonse mukutaya maola atatu. Anthu amakonda kunena za kuwala kwa foni, ndipo n'zoona kuti kuli ndi gawo lake. Kafukufuku wa ku yunivesite ya Harvard yemwe anatuluka mu 2015 anaona anthu 12 amene ankawerenga pa chipangizo chowala kwa maola anayi asanagone, masiku asanu otsatizana. Timadzi ta melatonin, tomwe timauza thupi kuti kwada, tinachedwa kutuluka ndi pafupifupi ola limodzi ndi theka, anthuwo ankachedwa kupeza tulo ndi mphindi pafupifupi 10, ndipo m'mawa ankadzuka ali olefuka. Koma vuto lanu si la mphindi 10. Ngakhale mutachepetsa kuwalako kapena kusintha mtundu wake, vidiyo yoseketsa, mkangano wa m'gulu la pa WhatsApp ndi nkhani yokwiyitsa zidzapitiriza kudzutsa maganizo anu pa nthawi imene akuyenera kukhazikika.

Zimene kusagona kumachita pa mtima wa munthu n'zodziwika bwino. Mu 2007 Matthew Walker ndi anzake anajambula ubongo wa anthu amene anachezera usiku wonse osagona, n'kuwaonetsa zithunzi zosautsa. Kachigawo ka ubongo kotchedwa amygdala, komwe kamadzutsa mantha ndi mkwiyo, kanagwira ntchito mopitirira ndi pafupifupi 60 peresenti poyerekeza ndi anthu amene anagona, pamene kulumikizana kwake ndi mbali ya kutsogolo ya ubongo, yomwe imatithandiza kudzigwira, kunafooka. Ndiye mwana akagwetsa kapu inu n'kukalipa ngati wagwetsa nyumba, musafulumire kuganiza kuti khalidwe lanu lasintha. Mbali yomweyo ya ubongo yofookayo ndi imene mukuidalira kuti ikuuzeni kuti zimitsani foni. Mukagona mochedwa mumadzuka wotopa, mukatopa simungathe kudziletsa, usiku wotsatira mumagonanso mochedwa.

Pali chinthu china chimene abambo ndi amayi apantchito amandiuza kawirikawiri tikakambirana za usiku. Tsiku lonse limakhala la abwana, madzulo ndi a banja, ndiye nthawi yokhayo imene munthu amamva kuti ndi yakeyake ndi pamene onse agona. Kuzimitsa foni kumakhala ngati kuvomera kuti tsiku latha iye asanalawepo kalikonse. Ngati ndi mmene zilili kwa inu, kungodzilamula kuti muzigona 10 koloko sikudzagwira. Mudzafunika kupeza nthawi yanuyanu pena pake masana kapena madzulo, ngakhale theka la ola, imene simukuba kwa tulo.

Za buku lija musade nkhawa kwambiri. Gloria Mark wa ku yunivesite ya California ku Irvine wakhala akuyeza kwa zaka zambiri nthawi imene anthu amakhala pa chinthu chimodzi pa kompyuta asanadumphire pa china. Mu 2004 inali pafupifupi mphindi ziwiri ndi theka. M'zaka zaposachedwa yatsika kufika pa masekondi pafupifupi 47. Si inu nokha. Maganizo anu azolowera kupatsidwa chatsopano masekondi angapo alionse, ndiye tsamba la buku, lomwe limafuna kudekha lisanakupatseni kanthu, likuwatopetsa. Chimenechi ndi chizolowezi, ndipo chizolowezi chimasintha mukachiphunzitsa zina. Anthu amene ndawaona akuyambiranso kuwerenga amayamba ndi mphindi 10 zokha, foni ili m'chipinda china, ndipo masiku oyamba amavutika ndithu.

Tsopano za anzanu a nyumba ndi magalimoto aja. Mu 1954 katswiri wa zamaganizo Leon Festinger anafotokoza kuti munthu akafuna kudziwa ngati zinthu zikumuyendera, amadziyerekeza ndi anzake, makamaka amene akufanana naye. Si tchimo lachilendo, tonse tinabadwa nalo. Chasintha ndi kuchuluka kwa anthu oyerekezana nawo ndi zimene akukuonetsani. Bambo anu ankadziyerekeza ndi anthu ochepa amene ankawadziwa bwino, ndipo ankadziwanso mavuto awo. Inu mukudziyerekeza ndi anthu mazana, aliyense akuonetsa tsiku lake labwino kwambiri pa chaka chonse. Galimoto mumaiona, ngongole yake simuiona. Ndipo maganizo amachita chinyengo china: amatenga nyumba ya uyu, galimoto ya uyo, ulendo wa winayo, n'kuzisonkhanitsa ngati za munthu mmodzi amene kulibe, kenako n'kukufunsani kuti nanga inu muli pati. Mu 2021 Frances Haugen, yemwe ankagwira ntchito ku Facebook, anaulula zikalata zosonyeza kuti kafukufuku wa kampaniyo unapeza kuti Instagram, yomwe ndi ya kampani yomweyo, imawonjezera kusakhutira ndi thupi lawo kwa atsikana ena. Nkhani imeneyi inamveka kwambiri, koma m'chipinda cholangizira ndaona kuti abambo nawonso amavulala chimodzimodzi, kungoti iwo bala lawo limakhala pa ndalama ndi udindo, ndipo salitchula.

Kafukufuku wambiri amasiyanitsa kulankhula ndi anthu pa intaneti ndi kungosuzumira moyo wawo mwakachetechete. Kusuzumirako ndi kumene kumakonda kubala kaduka ndi kudziderera. Ndipo kuchepetsa kumathandiza. Mu 2018 ofufuza a ku yunivesite ya Pennsylvania anatenga ophunzira 143, ena n'kuwauza kuti pa Facebook, Instagram ndi Snapchat azikhalapo mphindi 10 zokha pa pulogalamu iliyonse pa tsiku. Patatha masabata atatu, amene anachepetsawo ananena kuti kusungulumwa ndi kuvutika maganizo kwatsika. Kafukufuku wina wa ofufuza a ku mayunivesite a Stanford ndi New York, wa chaka chomwecho, analipira anthu kuti atseke Facebook kwa masabata anayi. Anthuwo anapeza pafupifupi ola limodzi lowonjezera pa tsiku, anacheza kwambiri ndi abale awo, ndipo mtima wawo unakhalako bwino, ngakhale kuti kusinthako kunali kochepa. Ndatchula dala mawu akuti kochepa, kuti musayembekezere kuti kutseka pulogalamu kokha kudzakusandutsani munthu watsopano.

Simunatchule za nkhani zoopsa, koma ngati mumathanso usiku mukuwerenga za nkhondo, ngozi ndi imfa, dziwani kuti zimenezonso ndi mbali ya vutoli. Mabomba ataphulika pa mpikisano wothamanga mumzinda wa Boston ku America mu 2013, ofufuza anapeza kuti anthu amene ankatsatira nkhaniyo maola 6 kapena kuposerapo pa tsiku anali ndi zizindikiro zambiri za kusokonezeka ndi mantha kuposa anthu amene anali pamalopo kapena pafupi.

Koma funso limene ndikanakufunsani mukanakhala pamaso panga ndi ili: kamphindi kamodzi musanatole foni, mumakhala mukumva chiyani? Anthu ambiri poyamba amati palibe, dzanja limangopita lokha. Tikafufuza bwino timapeza kuti panali kanthu. Wina anali atakumbukira ngongole. Wina anali ndi lipoti la kuntchito limene sakudziwa poyambira. Wina mkazi wake anali atangolowa m'chipinda, ndipo pali nkhani imene akhala akuizemba kwa miyezi. Wina anaferedwa ndipo sanalirebe. Foni imatontholetsa zonsezi mwamsanga kuposa china chilichonse, ndipo palibe amene angakudzudzuleni ngati mmene angachitire mutatola botolo. Zili ngati kukanda mphere: pokandapo pamakoma, koma mukasiya pamayabwa koposa ndipo chilonda chakula. Ngongole ija ikadalipo, lipoti lija likadalipo, ndipo tsopano mwawonjezerapo kutopa ndi kudziimba mlandu.

Apa m'pamene pamafunika kusamala, chifukwa msewu wake ndi wopita uku ndi uku. Kukhalitsa pa intaneti kungathe kufooketsa mtima, komanso munthu amene wayamba kale kudwala matenda ovutika maganizo kapena a nkhawa amathawira pa foni chifukwa zina zonse zikumulemera. Anthu amene ali ndi vuto losatha kuika maganizo pa chinthu chimodzi kuyambira ali ana, lomwe madokotala amalitcha ADHD, nawonso amagwidwa msanga ndi mapulogalamuwa. Kudzera m'kalata sindingathe kudziwa chimene chinayamba mwa inu. Mawu anu akuti "ndimadziona wolephera" andikhudza, ndipo ndikufuna muwaganizire mofatsa: kodi munayamba kudziona choncho foni isanakule mphamvu, kapena pambuyo pake? Tengani kabuku, ndipo kwa sabata imodzi, nthawi iliyonse mukadzipeza mwakhalitsa, lembani nthawi, malo, ndi chimene munali kumva musanayambe. Musasinthe kalikonse sabata imeneyo, muzingolemba. Pofika tsiku lachisanu anthu ambiri amayamba kuona okha njira imene vuto lawo limadzera.

Kuchotsa mapulogalamu kuja kunalephereka pa zifukwa zomveka. Masiku oyamba ndi amene amawawa kwambiri: munthu amasowa pogwira, amakwiya, ena amamva ngati foni yanjenjemera m'thumba pamene sinalire n'komwe. Inu munagonja pamene chibaba chinali pachimake. Chachiwiri, munachotsa maola 7 pa tsiku popanda kuikapo kanthu, ndipo dzenje lalikulu chotero silikhala lopanda kanthu nthawi yaitali. Chachitatu, chimene munkathawa chija munali musanachikhudze.

Ndiye yambani ndi chinthu chimodzi chokha: foni isalowe kuchipinda chogona. Muziitchajira kwina, ndipo mupeze wotchi ya alamu kuti musanamizire kuti mukuifuna podzuka. Ngati pali odwala kapena achikulire amene angakuimbireni usiku, kwezani belu la kuimba kokha, muiike poti mungamve koma poti simungaifikire muli gone. Anthu amaona ngati langizo limeneli n'lachibwana, koma pa onse amene ndimapereka ndi limene ndaona likusintha zinthu msanga, chifukwa silidalira mphamvu zanu zodziletsa pa nthawi imene mulibe. Usiku woyamba ndi wachiwiri mwina tulo sitibwera msanga, maganizo amene munkawatsekereza adzabwera onse. Musathamangire foni. Dzukani, khalani pampando powala pang'ono, werengani kapena lembani zimene zikukuvutanizo, tulo tikabwera mubwerere. Dzukani nthawi yofanana tsiku lililonse, ngakhale Loweruka.

Mukatha masabata awiri mukugona bwinoko, pitani pa zina. Zimitsani timabelu tonse kupatula ta anthu enieni amene akulankhula nanu. Mapulogalamu a mavidiyo afupiafupi aja achotseni pa foni, koma mudzilole kuwaona pa kompyuta nthawi yoikika, mwachitsanzo theka la ola madzulo, ndipo mukamaliza muzitulukamo kuti ulendo wotsatira mulembenso nambala yachinsinsi. Kavuto kakang'ono kameneko kamabweza mpata wodzifunsa uja. Anthu amene zithunzi zawo zimakusiyani ndi mtima wowawa mungathe kuwabisa popanda kudana nawo. Ndipo mnzanu wa galimoto uja, ngati munalidi pa ubwenzi, muimbireni. Kawirikawiri mukacheza naye mphindi 20 mumamva mbali ya moyo wake imene sinajambulidwe.

Maola amene mwapulumutsawo muwapatse ntchito musanayambe, osati mutasowa chochita. Kuyenda wapansi mwachangu, masewera olimbitsa thupi, kusewera ndi mwana, ntchito ya manja: zimenezi zili ndi umboni wabwino woti zimathandiza tulo ndi mtima womwe. Chibaba chikabwera, yang'anani wotchi n'kudziuza kuti mudikira mphindi 10. Chimakwera, kenako chimatsika chokha, ndipo mukachiona chikutsika kangapo mumasiya kuchiopa. Tsiku lina mudzagwa ndithu, mudzapezeka 1 koloko muli pa mavidiyo. Mawa lake bwezerani foni pamalo pake, basi. Amene amati "ndalephera kale, bola ndingopitiriza" ndi amene amabwerera pomwe anayambira.

Mayi akunyumba akamati mumakhala ngati mlendo, akunena kuti akukusowani. Musawalonjeze kuti mwasintha, malonjezo otere mwina anawamvapo kale. Auzeni zimene mwandiuza inezi, kuphatikizapo zodziona wolephera, chifukwa n'kutheka kuti iwo akuganiza kuti mwatopa nawo kapena muli ndi wina amene mukucheza naye usiku. Gwirizanani nthawi zimene foni za nonse awiri zizikhala patali, monga pa chakudya ndi ola lomaliza musanagone. Koma musawasandutse wapolisi wolanda foni ndi kusunga nambala zachinsinsi. Ndaona mabanja ambiri kumene zimenezi zinangobala kubisa ndi mikangano yatsopano. Mwana wanunso akuona. Ana amatengera zimene manja a makolo awo akuchita kuposa zimene pakamwa pawo pakunena.

Pali zizindikiro zimene zikaoneka musadikire kuti njira zimenezi zigwire ntchito. Ngati kwa masabata awiri kapena kuposerapo mwakhala wosasangalala pafupifupi tsiku lonse, zinthu zimene munkazikonda sizikukukomeraninso, chilakolako cha chakudya chasintha, kapena maganizo odziona wachabechabe sakuchoka, kaonaneni ndi dokotala kapena mlangizi wa zamaganizo, chifukwa amenewo angakhale matenda ovutika maganizo, ndipo amachizika. Chimodzimodzinso ngati mtima umangogunda ndi mantha popanda chifukwa, ngati ntchito yanu yafika pangozi, ngati mkwiyo wafika poti mwakweza dzanja pa mkazi kapena mwana, kapena ngati patha mwezi foni ili kunja kwa chipinda koma tulo sitikubwerabe. Ngati pa maola 7 aja pali kubetcha kapena zolaula zimene mukulephera kusiya, zitchuleni mosabisa, makamaka kubetcha, chifukwa ngongole zake zimakula mwakachetechete ndipo zafikitsa anthu ambiri pa maganizo oopsa. Zizindikiro za matenda amene inu mukuwaopa aja ndi zina: kumva mawu amene ena sakumva, kukhulupirira kuti mauthenga a pa intaneti akulankhula za inu mwachinsinsi kapena kuti anthu akukutsatirani, kutha masiku osagona koma osatopa. Zimenezi simunazitchule, koma zitaoneka n'zofunika kuchipatala mwamsanga. Ndipo ngati tsiku lina mungaganize zodzivulaza kapena kuti bola kufa, uzani munthu amene mumamukhulupirira ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo, musadikire kuti kuche bwino.

Kumeneko palibe piritsi lochiza foni. Chithandizo chimene chaonetsa zotsatira zabwino pa vutoli ndi uphungu wa mtundu wa CBT, umene umathandiza munthu kuzindikira maganizo ndi zochitika zimene zimamukankhira ku chizolowezicho, n'kuphunzira njira zina zozisamalira. Mankhwala amaperekedwa ngati pansi pake papezeka matenda ovutika maganizo, a nkhawa kapena ADHD. Musadzigulire nokha mapiritsi ogonetsa kapena kuyamba kumwa mowa kuti mupeze tulo; zonse ziwiri zimawononga tulo teniteni ndipo zimazolowereka msanga. Popita kukaonana ndi dokotala kapena mlangizi, tengani kabuku kaja ndi chiwerengero cha maola chimene foni yanu imasunga, ndipo ngati mayi akunyumba angalole, pitani nawo, chifukwa iwo aona zina zimene inu simungazikumbukire.